Nellie ndi Kaputeni wa Malipenga

Anakumana pakhonde la sitolo ya mmwenye pa Chintheche, chaka chimene asilikali ankabwerera kwawo kuchokera ku nkhondo ya ku Bama.

Pakhondepo amalume ake a Nellie, a Fletcher, ankasoka zovala pa makina opalasa ndi phazi. Ntchito ya Nellie inali kusokerera mabatani ndi kusita. Anali mwana wamkazi yekhayo wa a Bizwell Manda, mkulu wa mpingo, munthu woti akangotsokomola m'tchalitchi ana onse ankakhala chete.

Tsikulo a Fletcher anali atapita kumaliro. Nellie atawerama pa simbi anangomva mawu.

"Timuoneni, NyaManda."

Podzutsa mutu anaona mnyamata wamtali, wa kampata kumano. M'manja ananyamula malaya oyera ndi kabudula woyera, zopindidwa mwaulemu ngati nsalu ya patebulo la Mgonero.

"Yewo. Atelala kulibe, apita kumaliro."

"Sindinabwerere atelala ine. Ndamva kuti batani losokedwa ndi manja anu siliduka ngakhale munthu atavina mpaka fumbi kufika kumitambo."

Nellie anayang'ana malayawo. M'mapewa munali timizere tofiira.

"Ooh, ndinu a malipenga? Asilikali opanda mfuti aja?"

"Kaputeni Killion Mhone, wa boma la Kepitauni!" Mnyamatayo anagunditsa zidendene n'kuchita sawatcha. "Mfuti tilibedi. Nanga inu muli nayo? Chifukwa ine pano ndalasidwa kale."

Nellie anayesa kukwinya nkhope koma zinakanika. Kenaka anamva fungo la nsalu yopserera.

"Mayo! Taonani mwandiotchetsa malaya a eni!"

Onse awiri anaseka mpaka mmwenye anasuzumira pazenera.

Boma limene Killion ankanena silinali la msonkho ayi. Magulu a malipenga ankadzitcha maboma. Boma lililonse linali ndi Kingi wake, Kaputeni wake, ndi Dokotala woyendera zikhadabo ndi mano a anyamata asanalowe m'bwalo. Masiku onse anali asodzi wamba, ena obwerako ku migodi ya ku Joni. Koma likafika tsiku la gule ankavala zoyera mbee, masokosi ofika m'mawondo, n'kuyamba kuliza malipenga a zikho.

Mafumu ankawakonda. Ngakhale bwanamkubwa wa pa Chintheche ankawaitana pa masiku akuluakulu kuti asangalatse alendo. Koma gule akatha, anthu omwewo ankati: "Amenewa ndi otaya nthawi, ongotengera azungu." Ndipo mpingo unali utagamula kuti mkhristu asavine, asaonerere, asaombe ndi m'manja momwe. Akulu ankati ku malipenga ndiko kumayambira kunyada, mowa, ndi kuonongeka kwa atsikana.

Zonsezi Nellie ankazidziwa. Nanga bwanji posokerera mabataniwo ankangoganiza za mwini malayawo?

M'thumba la kabudula uja anapezamo kapepala.

"Kwa iye wosita. Kingi wathu ali ndi mkazi, Dokotala ali ndi mkazi. Kaputeni yekha ndiye amagona ndi lipenga pamtima. Kodi simungamumvere chisoni?"

Nellie anakang'amba kapepalako. Kenaka anatola tizidutswa tonse n'kutimanga pamfundo ya nsalu yake. Pobweza zovalazo, m'thumba lomwe lija munali yankho.

"Kaputeni asiye kudula dala mabatani. Ulusiwo ndauona, wadulidwa ndi mpeni."

Kuyambira pamenepo kabudula wa Killion sanakhalenso ndi mtendere. Lero batani, mawa mpendero, mkuja thumba labooka. A Fletcher ankangopukusa mutu.

"Mnyamata ameneyu amavina paminga kapena?"

Timapepala tinkapita, timapepala tinkabwera.

"Kwini wanga, lero ndasokoneza phazi pamaso pa Kingi chifukwa ndimaganiza za khosi lako."

"Kwini wanga, usipa wandikana usiku wathawu. Akuti ndikapemphe kaye kwa mwini mtima wanga."

"Kaputeni wanga, ndikuopa ada. Koma ndikapanda kukuona ndimaopa kwambiri."

Ankakumana masana pachitsime chovikira chinangwa, akazi ena akabwerera kumudzi. Killion ankakhala pamwala, Nellie n'kumafinya chinangwa chake ngati sakumuona.

"Nellie, ndiyang'ane."

"Ndili pantchito."

"Tandiyang'ana, duwa la m'mphepete mwa mtsinje wa Luweya. Ukudziwa chimene ndimavalira zoyera? Ndikakhala m'bwato ndine Killion wonunkha usipa. Ndikapita ku ofesi kukafuna ntchito, mesenjala amandikhazika padzuwa. Koma ndikalowa m'bwalo, mudzi wonse umaimirira. Tsiku limodzi lokhalo ndimakhala munthu."

"Kwa ine ndiwe munthu masiku onse."

Killion anamugwira dzanja lonyowalo n'kuliika pachifuwa pake.

"Ndiye tamvera. Dzuwa likhoza kutulukira kumapiri n'kukalowa kunyanja, koma ine kukusiya iwe, ayi. Ndikunena pamaso pa Chiuta."

"Usalumbire, Killion."

"Ndalumbira kale. Pa Nyuwere tikukapikisana ndi boma la ku Sanga. Ubwere udzandione kamodzi kokha. Ukapanda kubwera, miyendo yanga idzakhala ngati mitsi."

Kodi mtsikana wa zaka zake akanayankha chiyani?

Pa Nyuwere Nellie anauza amayi ake kuti akukazonda mnzake wodwala. Anafunda nsalu kumutu n'kukaima kumbuyo kwa khamu la anthu ku Sanga. Mumtima ankati: ndingoona pang'ono, ndibwerere.

Ng'oma yaikulu inagunda. Malipenga anayankha onse pamodzi, mawu okhuthala ngati njuchi zasamuka. Anyamata a Kepitauni analowa m'mizere, oyera ngati akakowa, kandodo kudzanja ili, kampango kudzanja ilo. Sankathamanga. Ankaponda pang'onopang'ono, monyada, ngati dziko lonse ndi la atate awo. Dokotala ankayenda pakati pawo ndi kachipangizo kake kosema pamtengo, kumapima zifuwa, anthu n'kumafa ndi phwete.

Kenaka Kaputeni anatuluka yekha kutsogolo.

Mayo ine! Kodi ameneyu ndi Killion yemwe uja? Anatsika pansi mpaka bondo kutsala pang'ono kukhudza mchenga, n'kudzuka ngati alibe mafupa. Anaponya kandodo m'mwamba, n'kutembenuka, n'kukawakha osayang'ana. Akazi analuluta. Ena anathamangira m'bwalo kukapukuta nkhope za amuna awo, monga unalili mwambo wofupa wovina bwino.

Killion yekha analibe womupukuta. Thukuta linali kuyenderera mpaka m'maso, koma iye maso ali m'khamu, kufunafuna.

Nellie sanadziwe kuti miyendo yake yayamba liti kuyenda. Nsalu yakumutu inagwa. Anadutsa pakati pa anthu, n'kulowa m'bwalo, n'kumupukuta nkhope pamaso pa Sanga yense.

"Kwini wa Kepitauni!" anakuwa mnyamata wina.

Bwalo lonse linalandira: "Kwini! Kwini!"

Kepitauni inapambana tsikulo. Koma Nellie asanafike kunyumba, nkhani inali itafika kale.

Anawapeza abambo ake atakhala pampando pakhonde, Baibulo lotseka lili pamiyendo. Amayi ake anali chiimire pakhomo la khitchini, manja ali kumutu. Nellie anagwada.

"Ada."

"Wodwala uja ali bwanji?"

Nellie anaweramitsa mutu.

"Ndakufunsa. Wodwala uja ali bwanji? Akuti unamupukuta thukuta. Wachira?"

"Ada, ndikhululukireni bodza. Koma Killion si munthu woipa. Samwa mowa, sa..."

"Ine ndadula ana a anzanga mumpingo chifukwa cha gule ameneyu! Ndi pakamwa panga pano! Makolo awo analira pakhonde lino, ine osawamvera. Lero ukufuna anthu anene kuti Bizwell Manda ali ndi miyeso iwiri?"

"Akufuna kundikwatira, ada."

"Munthu wouzira m'chikho? Msilikali wa masewera? M'nyumba mwanga sadzapondamo ndili moyo!"

M'mawa mwake Nellie anakumana ndi Killion pachitsime. Maso ake anali otupa.

"Andiitana ku seshoni. Akuti ndikalapa pamaso pa akulu, ndikalonjeza kuti sindidzakuonanso, andikhululukira."

Killion anagwada m'matope momwemo, osasamala.

"Nellie, moyo wanga, ukandikana ndifa. Akakudula, boma lidzakhala mudzi wako. Akakuthamangitsa, chifuwa changa chidzakhala nyumba yako. Usipa ukangoyamba kugwidwa bwino ndituma thenga kwa asibweni ako a Fletcher. Sudzalira wekha, Kwini wanga. Sudzalira wekha!"

Ndi mawu amenewo m'makutu, Nellie anaima pamaso pa akulu a mpingo. Abambo ake anali pakati pawo, maso ali pansi.

"Mwana wathu," anatero mkulu wina mofatsa, "tonse timaterereka. Ungonena kuti Satana anakunyenga, ndipo mnyamatayo wamusiya."

"Za bodza limene ndinanamiza ama, ndalapa. Koma kunena kuti ndamusiya, likhalanso bodza lina."

"Ukusankha lipenga kusiya Mgonero wa Ambuye?" anafunsa mkulu uja.

"Sindikusankha lipenga, ada. Ndikusankha munthu."

Anamudula. Mawu omaliza anawanena ndi abambo ake omwe, mawu awo osanjenjemera ngakhale pang'ono. Kuyambira tsikulo malo a Nellie m'tchalitchi anali benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pankakhala odulidwa. M'kwaya anamuchotsa. Atsikana amene anakula nawo ankati akamuona panjira, n'kupatukira m'chinangwa. Kunyumba a Bizwell anamuuza kuti atenge mphasa yake akakhale kwa amalume ake.

Amene anamulandira anali akazi a ku boma la Kepitauni.

Nellie anadabwa ndi zimene anapeza kumeneko. Anthu aja ankanenedwa kuti ndi otayika anali ndi malamulo okhwima kuposa a sukulu. Wobwera ku gule ataledzera ankamubweza. Womenya mkazi ankamuvula maudindo pamaso pa anzake. Wina akadwala, boma lonse linkapita kukamulimira. Wina akamwalira, ankamunyamula atavala zoyera, malipenga akulira motsitsa.

Kingi wawo, a Harrison Chirwa, anali bambo wofatsa wa imvi za m'mbali, amene anagwirako ntchito m'sitima zapamadzi ku Kepitauni. Ankamutcha Nellie "mlamu".

"Mlamu, kuno simudzagona ndi njala. Mwatilemekeza pamaso pa anthu, ifenso tikulemekezani."

Nellie anadzipereka ndi mtima wonse. Anaphunzira kukonza sitachi wa chinangwa woumitsira makolala. Ankachapa zovala za boma lonse, kuziyanika pamchenga, kuzisita mpaka msana kuwawa. Akamva kuti wina akunyoza malipenga, woyankha ankakhala iyeyo. Lamulungu lililonse ankapitabe kutchalitchi, n'kukhala pabenchi lake, n'kumayang'ana msana wa amayi ake patsogolo.

Mvula inatha. Usipa unagwidwa wambiri, mathandala onse mbuu. Thenga sanabwere.

"Kaputeni wanga, asibweni akufunsa."

"Auze adekhe, duwa langa. Ndikufuna ndidzabwere ngati mwamuna, osati ngati wopempha."

Kenaka Killion anayamba kusowa. Pakati pa sabata kulibe, Lamulungu kulibe.

"Umapita kuti masiku ano?"

"Ku Kande. Anyamata akumeneko akuyambitsa boma lawo, ndiye Kingi wandituma ndikawaphunzitse kuponda. Ukundikayikira?"

"Ayi. Ndimangokusowa."

"Ukandisowa uzigwira pamtima pako. Ndili momwemo."

Nellie anafunsa a Harrison tsiku lina akuwapatsa malaya awo.

"Boma la ku Kande likuyenda bwanji, a Kingi?"

A Harrison anayang'ana kolala ya malayawo nthawi yaitali.

"Likuyenda, mlamu. Sitachi wa leroyu ndiye mwamutha."

Timapepala ta m'thumba tinayamba kufupika. "Ndatanganidwa, Kwini." Kenaka: "Tionana." Kenaka Nellie ankapisa dzanja m'thumba n'kupezamo mchenga wokha.

Kodi chikondi chimatha ngati mafuta a m'nyali, osatsanzika? Nellie ankadzitonthoza yekha. Munthu amene anagwada m'matope uja sangandinamize. Munthu amene anatchula Chiuta uja sangandinamize.

M'chilimwe munachitika Mgonero waukulu. Mipingo yonse ya m'mphepete mwa nyanja inasonkhana, a ku Kande, a ku Sanga, ena ochokera kumapiri. Tchalitchi linadzaza mpaka ena kukhala m'mazenera. Nellie anapanikizika pakona ya benchi lake lakumbuyo.

Itatha nyimbo, mbusa anati: "Amene atsiriza kalasi ndipo akubatizidwa lero, aimirire abwere kutsogolo."

Anthu anaimirira mmodzimmodzi. Pakati pawo panali mnyamata wamtali wovala jekete lakuda ndi buluku lalitali. Nellie anaona kayendedwe kake asanaone nkhope. Ndani wina ankaponda pansi chotero?

Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Killion! Ndiye chinsinsi chake chinali chimenechi? Ankapita ku Kande kukaphunzira kalasi kuti ada amulandire! Wachitira ine! Misozi inatsika, Nellie n'kumaseka yekha, dzanja lili pakamwa.

Mbusa anati: "Mmodzi mwa awa ali ndi umboni."

Killion anatembenukira anthu. M'thumba la jekete anatulutsa lipenga lake la chikho.

"Abale ndi alongo, ine ndinali Kaputeni wa mdima. Ndinkavala zoyera kunja, m'kati muli bii. Ndinasocheretsa ambiri, ndipo enanso anandisocheretsa ine, pondiombera m'manja ndi kundipukuta thukuta la uchimo. Lero ndasiya zonsezo."

Anaika lipengalo pansi n'kuliponda. Linaphwanyika kuti phwaa! Tchalitchi lonse linati, "Amen!"

Mitu ingapo inatembenukira kumbuyo, kuyang'ana benchi la odulidwa. Kumwetulira kwa Nellie kunauma. Thukuta la uchimo? Komabe anadziuza kuti: akungonena kuti akulu akhutire. Ayenera kutero.

Anamubatiza. Akulu anaimirira kupereka dzanja la chiyanjano kwa akhristu atsopano. Nellie anaona abambo ake akugwira dzanja la Killion ndi manja awiri, akuligwedeza.

"Mwana wotayika wabwera kwawo," anatero a Bizwell mokweza.

Kenaka mlembi wa mpingo anaimirira ndi zolengeza.

"Tikulengeza ukwati pakati pa Killion Mhone, mkhristu wa mpingo wa ku Kande, ndi Gertrude Longwe, mwana wa a Gilbert Longwe, mphunzitsi wamkulu wa ku Kande. Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa..."

Nellie sanamve zotsalazo. M'makutu mwake munangoti ngwii. Anafuna kuimirira, kukuwa kuti, "Ndilipo! Ine ndikudziwa!" Koma wodulidwa ali ndi mawu mumpingo? Mayi wina wa pabenchi lomwelo anamugwira mkono mwamphamvu.

"Khala pansi, mwanawe. Angokuseka."

Mapemphero atatha, Nellie anamudikirira kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Killion atamuona anafuna kubwerera, koma anachedwa.

"Killion."

"NyaManda. Muli bwanji?"

"NyaManda? Lero ndine NyaManda? Lero ndine inu?"

Killion anayang'ana uku ndi uku.

"Tsitsa mawu, Nellie. Anthu akuona."

"Ku Sanga anthu sankaona? Unandiuza kuti ukukaphunzitsa gule, pamene ukukaphunzira katekisimu pakhonde la mkazi wina! Amuna ena amanama kuti ali kutchalitchi ali ku gule. Iwe unanama kuti uli ku gule uli kutchalitchi!"

"Tamvera, ndikufotokozere. A Longwe andipezera malo, ndikaphunzira zauphunzitsi. Ndidzakhala mphunzitsi weniweni, Nellie, wa choko ndi ulemu wake. Ndatopa kukhala Kaputeni wa tsiku limodzi. Ndatopa kuombedwa m'manja Loweruka n'kunyozedwa Lolemba. Kodi ndikalambe ndikuuzira m'chikho?"

"Ukanandiuza! Ndikanakuperekeza ku kalasiko ine ndemwe. Ndikanakudikira zaka zonse. Lero lomwe lino, utaimirira kutsogolo kuja, ndinalira ndi chimwemwe. Ndimati wachitira ine!"

Killion anayang'ana nsapato zake zatsopano.

"Ndinaganizapo. Chiuta ndi mboni, ndinaganizapo. Koma sizikanatheka."

"Chifukwa chiyani?"

"Akulu sangalole mphunzitsi wa mishoni kukwatira mkazi wodulidwa."

Nellie anagwira thunthu la mango.

"Wati chiyani?"

"Si ine ndinaika lamulolo."

"Ndinadulidwa chifukwa cha yani, Killion? Ndiyang'ane! Ndinadulidwa chifukwa cha yani? Ndani anagwada m'matope? Ndani anati ukandikana ndifa? Bwanji sunafe?"

"Unalowa wekha m'bwalo muja. Ine sindinakukoke."

Patali mtsikana wina wovala deresi labuluu ndi chipewa anaitana ndi mawu ofewa: "A Mhone, ada akukudikirani."

Killion anakonza jekete lake.

"Ukalape, Nellie. Adzakubwezera. Ndidzakupempherera."

Anapita osacheuka.

Nellie anathamanga. Sanadziwe kumene nsalu yake yakumutu inagwera. Anatsikira kudooko, kumene a Harrison anali kusoka ukonde pansi pa mthunzi, dzuwa lili paliwombo. Anyamata ena a boma anali nawo pomwepo.

"A Kingi! A Kingi, atipusitsa! Killion waphwanya lipenga m'tchalitchi! Akukwatira mwana wa a Longwe! Ku Kande kulibe boma lililonse!"

Palibe anadzidzimuka. Mmodzi anayamba kukanda mchenga ndi chala chakuphazi. A Harrison anaika pansi chosokera chawo pang'onopang'ono.

"Khalani pansi, mlamu."

"Simukudabwa?"

A Harrison anayang'ana kunyanja.

"A Kingi, simukudabwa?"

"Anatiuza mvula isanathe. Anabweza ndodo ya ukaputeni pamaso pa boma lonse. Anapempha kuti tisanene kanthu mpaka iye mwini atakuuzani."

"Nonsenu? Nonsenu munkadziwa?"

"Lamulo la boma, mlamu. Msilikali saulula za mnzake kwa munthu wakunja."

"Wakunja?"

Mawuwo anatuluka ngati mpweya chabe. Nellie anawayang'ana mmodzimmodzi. Uyu anamuchapira malaya dzana. Uyo anamusokera masokosi. Winayo anamuphikira phala mkazi wake atadwala.

"Manja angawa asupuka ndi sitachi wanu. Dzina langa lathera pa gule wanu. Ada anga anandithamangitsa chifukwa cha inu. Ndiye lero mukuti ndine wakunja?"

"Akazi amatithandiza, ndipo timathokoza," anatero a Harrison, maso ali pa ukonde. "Koma boma ndi la amuna. Zinatipweteka, mlamu. Tinkati mwina asintha maganizo."

"Musanditchulenso mlamu."

Anachoka akudzandira ngati woledzera. Kutchalitchi ndi wodulidwa. Ku boma ndi wakunja. Nanga munthu wotere amapita kuti?

Miyendo inamutengera kwawo. Sanaganize zoti analetsedwa. Ankangofuna amayi ake, basi. Ankafuna kuika mutu pamiyendo yawo monga ankachitira ali mwana akadwala malungo.

Anadzera njira ya m'munda wa chinangwa n'kutulukira kuseri kwa khitchini. Amayi ake anali kupakula ndiwo m'mbale zadothi zoyera zija zinkatuluka pakabwera alendo olemekezeka okha. Atamuona, chipande chinagwa.

"Nellie! Mwana wanga!"

"Ama..."

Anagwa m'manja mwawo. Kulira kumene anakumeza kuyambira m'tchalitchi kunatuluka konse. Amayi ake anamutseka pakamwa ndi chikhatho, iwonso misozi ili chuchuchu.

"Lira motsitsa, mwanangu. Chonde lira motsitsa. M'nyumba muli alendo."

"Alendo ati?"

Amayi ake anatembenukira ku mbale zija. Koma yankho linabwera lokha kudzera pazenera. Kunamveka mawu a bambo wachilendo akunena za sukulu ya ku Kande. Kunamveka kaphwete kaulemu ka mtsikana. Kenaka kunamveka kuseka kwina, kuseka kumene Nellie akanakuzindikira ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Ada ako anawaitana a Longwe kuti adzadye kuno akatuluka ku Mgonero," ananong'ona amayi ake. "Abwera ndi mwana wawo, ndi mkamwini wawo."

"Ali m'nyumba mwathu?"

"Wakhala pampando wa ada ako. Amupatsa okha."

Nellie anatsetsereka n'kukhala pansi, msana utatsamira chipupa cha khitchini. Misozi inaleka. Anangoti maso tong'o, kuyang'ana nkhuku zikutola nyenyeswa. Amayi ake anagwada pambali pake, akumusisita mutu, akumutchula dzina lake laubwana.

"Ama, ndinalakwa chiyani chimene iye sanalakwe?"

Amayi ake anatsegula pakamwa, koma asanayankhe chitseko chakumbuyo chinalira. Mawu a a Bizwell anamveka kuchokera m'kati.

"Kodi ndiwozo zikubwera? Alendo akudikira. Nanga mukuyankhula ndi yani kunjako?"

Amayi a Nellie anamuyang'ana mwana wawo. Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kunyamula mbale zija.

"Kulibe munthu, ada," anayankha. "Ndikubwera."